Bowo la Zinyalala

Mudziwe kaye kuti amene akukuuzani nkhaniyi si munthu wamba. Ine ndinachoka pakhomo pa makolo ndili ndi sikuludiraiva imodzi ndi malaya awiri, ndipo ndinabwerako patapita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pasipoti itadzaza zidindo mpaka pachikuto. Ndakonzapo wailesi ya sitima ya pamadzi mafunde akundimenyetsa khoma ili ndi ilo. Ndakonzapo zokuzira mawu m'mayiko amene dzuwa limalowa anthu asanamalize nkhomaliro. Lero ndili ndi shopu yangayanga ya zitseko ziwiri, ndipo kusukulu ya zamagetsi sindinapondeko. Asukuluwo ndi amene amabwera kwa ine kudzafunsa.

Ndiye munthu ngati ine ndigwire ntchito milungu itatu, ndipange chinthu chimene sichinapangidwepo kwina kulikonse, anthu n'kusankha bowo la zinyalala? Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwira.

Achimwene anga, amene ndinawaponda pamutu, akhala akuimba sinthesaiza mu bandi ya pa hotela ina kwa zaka makumi atatu, Lamlungu lililonse masana. Sinthesaiza yake si izi zamasiku ano zimene mwana amadina batani limodzi nyimbo n'kudziimba yokha. Ndi yakale, ya matabwa m'mbali, yopanda kompyuta m'mimba mwake. Mawu ake amapangidwa ndi magetsi enieni akuyenda m'mawaya, ndipo imatulutsa liwu limodzi pa nthawi imodzi, ngati munthu. Ndinawagulira ndine kunja, n'kubwera nayo nditaifungatira pamiyendo ulendo wonse chifukwa onyamula katundu sindiwakhulupirira. Dzanja lamanja limadina makiyi. Lamanzere limakhala pa kagudumu kakumapeto, kokweza ndi kutsitsa liwu pang'onopang'ono, ndipo dzanja lamanzere la achimwene ndi limene linkachititsa anthu kusiya mafoloko m'mbale n'kutembenuka. Kutsogolo kwa chipangizocho kuli timabowo tolowetsamo mawaya, kuti munthu wa mutu alumikizeko timabokosi towonjezera luso, timene ife a ntchitoyi timati mamojulo.

Dzanja lamanzerelo linayamba kunjenjemera. Adokotala anawapatsa mapiritsi amene ankachepetsako koma osathetsa. Achimwene anayamba kuyenda dzanjalo lili m'thumba la buluku, ndipo tonse pabanja tinkachita ngati sitikuona.

Tsiku lina m'mawa alamu anga, akazi awo, analowa m'shopu osapereka ndi moni womwe.

"Alamu, a Jekete alankhula," anatero.

A Jekete ndi mtsogoleri wa bandiyo. Dzinali anawapatsa chifukwa cha jekete lofiira limene savula ngakhale kutenthe chotani.

"Ati chiyani a Jeketewo?"

"Akuti akulu anu akagwira kagudumu, liwu likumalira ngati mbuzi yomangidwa. Awapatsa mpaka Loweruka lomaliza la mwezi uno. Akapanda kuimba bwino poyeserera, pamalo pawo ayikapo laputopu."

"Laputopu! Pamalo pa achimwene anga?"

"Musakuwe, ine si a Jekete. Akulu anu akachoka mu bandi ija, sakhalitsa. Ndimawadziwa ndine. Mlungu wonse amakhalira Lamlungu."

Ndinawauza alamu kuti akagone tulo tofa nato, chifukwa nkhaniyi yafika m'manja mwa mwini wake.

Madzulo ake ndinapita kwawo ndi kope lodzaza nzeru. Mutu wanga ukayamba kubala suima. Ndinati tipange mojulo ya chopondera, phazi ligwire ntchito ya dzanja. Achimwene anapukusa mutu. Ndinati tipange ya kapaipi kopumiramo, mpweya wa m'kamwa uzikweza liwu, monga ndinaonera kwa woimba wina padoko lina lozizira. Alamu anati, "Kuti anthu aziona ngati awatulutsa m'chipatala asanachire?" Ndinatchula ya chitsulo chokankha ndi bondo, ya kagalasi koona kuwala kuti azingoweramitsa mutu, ya lamba womanga pachifuwa. Nzeru zisanu, iliyonse yoyenera mendulo.

Achimwene anandisiya mpaka malovu anandiuma. Kenako anati, "Chimphepo, wamaliza?"

Amanditcha Chimphepo kuyambira tili ana. Munthu wina atayesa kunditchula choncho tikhoza kuonana kukhoti.

"Dzanja langa likhale pa kagudumu," anatero. "Pamene lakhala zaka zonsezi. Sindikufuna anthu aone kuti pasintha kanthu."

Munthu wamba akanagwa mphwayi. Ine ndisanafike ndi pageti pomwe, yankho linali litabwera kale: sefa. Mojulo yosefa. Dzanja likamayendetsa kagudumu mwadala limayenda modekha, pamene kunjenjemera kumakhala kofulumira. Ndiye magetsi ochokera ku kagudumu adutse m'kabokosi kanga, zodekha zipitirire ku liwu, zofulumira zitsale. Ndinaima pamsewu n'kudziombera m'manja ndekha.

Milungu itatu ndinawotcherera mawaya mpaka zala zinachita matuza. Makasitomala a mawailesi ndinkawabweza pakhomo. Kabokosiko ndinakapaka utoto wakuda wonyezimira, n'kuikapo batani limodzi lopotokola, lolimbitsira kapena kumasula sefa, ndi mabowo awiri otulukira magetsi. Pa bowo lenileni ndinalemba ndi zilembo zagolide kuti CHOYERA. Bowo linalo linali langa ndekha, loonerapo zimene sefa yachotsa ndikalumikiza ku sikopu, makina anga oonetsa mafunde a magetsi pagalasi. Mphamvu yake ndinaichepetsa kwambiri poti linali longoyang'anirapo, ndipo ndinangolembapo ndi cholembera wamba kuti ZINYALALA.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinachite, ndipo ndikuchinena ndekha wina asanandinenere mokhotetsa. Dzanja la achimwene sindinaliyeze. Ndikanayamba bwanji? Munthu amene anandiphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, amene ankandibereka kumsana powoloka msewu, ndimuuze kuti tulutsani dzanja m'thumbamo ndione mmene likunjenjemerera? Komanso ine kunjenjemera ndimakudziwa. Ndinaonapo amalinyero akunjenjemera ndi chisanu mpaka mano kuguguda. Choncho ndinkagwira kagudumu koyesera m'shopu, n'kumanjenjemeretsa dzanja langa mmene ndinkakumbukira amalinyero aja, njenjenje mofulumira, ndipo sefa inkachotsa zonse psiti. Pagalasi mzere unkakhala wowongoka ngati ndodo.

Loweruka lija tinakumana m'chipinda choyeserera, kuseri kwa khitchini ya hotela. Munali mipando yosanjikiza mpaka kudenga, fani yolira ngati ikudandaula, ndi fungo la sopo wokolopera. Woimba ng'oma anali atakhala kale, woimba gitala akumanga nsambo. Pampando wina, pafupi penipeni ndi pamalo pa achimwene, a Jekete anali atatsekula laputopu. Anaitsekuliratu! Munthu asanaimbe ndi liwu limodzi lomwe!

"A Injiniya afika," anatero a Jekete. "Mwatibweretsera chiyani, ndege?"

"Ndakubweretserani chinthu choti mukadzakalamba muzidzauza adzukulu anu kuti munachionapo," ndinayankha. "Chotsani chiwaya chanucho pampando, alamu anga akhalepo."

Sanachichotse. Alamu anakhala pa katoni.

Ndinalumikiza mawaya, sikopu ndinaiika pambali kuti onse aone umboni. Woimba ng'oma anawerenga, nyimbo inayamba. Achimwene anatulutsa dzanja m'thumba mwachangu, n'kuliika pa kagudumu. Liwu linatuluka likuyendayenda, kukwera, kutsika, mbuzi ija ili pomwepo. Sefa yanga inali ikungolola zonse kudutsa ngati mlonda wogona.

"Dikirani!" ndinakuwa. Ndinapotokola batani mpaka kumapeto, sefa inalimba. Kunjenjemera kunatha, inde, koma tsopano achimwene akakweza kagudumu, liwu linkakwera mochedwa, anzawo atadutsa kale pamenepo. Linkafika ngati mlendo wobwera anthu atatsuka mbale. Woimba gitala anaseka n'kubisa nkhope kuseri kwa gitala.

A Jekete anakweza dzanja, nyimbo inaima.

"Ndi magetsi a hotela ino," ndinatero. "Magetsi auve chonchi sindinawaonepo, ngakhale m'sitima. Komanso fani iyi ikusokoneza. Komanso uja anandigulitsa makapasita a m'kabokosika ndi wakuba, ndinamuona maso ake."

"A Injiniya," anatero a Jekete, "laputopu yanga ikudya magetsi omwewo, koma sikudandaula."

Ndinali pafupi kuwauza mawu okhudza jekete lawo, pamene alamu analankhula kuchokera pa katoni paja, motsitsa.

"Alamu, dzanjali munaliyeza?"

Ndinatukula chifuwa.

"Ine ndayenda, alamu. Kunjenjemera ndimakudziwa bwino."

"Ndafunsa kuti munaliyeza?"

"Ndinayeza langa."

"Lanu likudwala?"

Woimba ng'oma anayang'ana kudenga n'kunena ngati akudzilankhulira kuti safunsa anadya phula. Munthu woti ntchito yake ndi kumenya zikopa ndi timitengo!

Achimwene sanaseke. Anachotsa dzanja pa kagudumu, n'kulitambasula pamaso pa tonse, poyera, kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu. Linkagwedezeka pang'onopang'ono, motakata, mosiyana kutalitali ndi amalinyero anga.

"Ndi ili, Chimphepo," anatero. "Siliruma. Liyeze."

Ndinalumikiza sikopu molunjika ku kagudumu, iwo n'kubwezerapo dzanja. Pagalasi panabwera mafunde, ndipo ndikuuzeni, mafunde okongola chonchija ndawaona kawirikawiri kuchokera m'makina odula okha. Ofanana msinkhu, otalikirana mofanana, kasanu pa sekondi iliyonse, osaphonya. Kwathu ngakhale matenda amayenda mwadongosolo. Koma anali odekha kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, oyandikana ndi mayendedwe a dala, moti sefa iliyonse yowagwira inayenera kuchedwetsanso nyimbo. Ndinadziwa pomwepo kuti milungu itatu ija yapita m'madzi.

A Jekete anayamba kukokera mpando wa laputopu kufupi.

"Nanga bowo lina ili ndi la chiyani?" anafunsa achimwene, akuloza ndi chibwano.

"Limenelo lisiyeni. Ndi la zinyalala. Mumatuluka zimene sefa yataya."

"Kunjenjemera kokhakokha?"

"Kokhakokha, ndiponso kochepa mphamvu. Si loimbira limenelo."

Ndi dzanja lamanja anazula waya pa CHOYERA, pa zilembo zanga zagolide, n'kuulowetsa pa ZINYALALA.

"Achimwene, sizigwira ntchito choncho!"

Anadina kiyi imodzi n'kuigwira. Liwu linatuluka lowongoka. Kenako anaika dzanja lamanzere pa kagudumu, ndipo liwu lija linayamba kunthunthumira pang'ono chabe, osachoka pamalo pake, ngati mmene amachitira mayi woimba bwino akakoka mawu omaliza a nyimbo yachisoni. Anachotsa dzanja, liwu linawongoka. Analibwezera mopepuka, kunthunthumira kunabwera kwapansipansi. Analikanikiza, kunakula. Woimba ng'oma anayamba kugunda pang'onopang'ono popanda womuuza, wa gitala n'kulowa. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, ophika awiri anasuzumira, wina mpeni uli m'manja.

Ine ndinali ndikufotokozabe. Ndinawauza kuti kabokosiko akukagwiritsa ntchito chagada, kuti bowo limenelo ndinaliboola ndi dzanja limodzi ndikumwa tiyi, kuti mbali yeniyeni ya luso ili ku CHOYERA. Palibe anandimva. Nyimbo itatha, a Jekete anatseka laputopu, n'kuiika m'chikwama.

"Mawa mufike msanga, akulu," anatero kwa achimwene. Kenako anatembenukira kwa ine. "A Injiniya, zinyalala zanu n'zabwino."

Ndinatuluka osatsanzika.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo, ine n'kupatsidwa ulemu wanga? Patangopita milungu iwiri, Lolemba m'mawa ndikutsekula chitseko chachiwiri cha shopu, alamu anatulukira, nkhope ili gwa. Anaika botolo la mapiritsi pa tebulo langa mwamphamvu mpaka tizitsulo tinadumpha.

"Taonani ntchito yanu."

"Yanga? Ine ndakhala dokotala liti?"

"Adokotala anawapatsa akulu anu mankhwala atsopano amphamvu, koma iwo akumasiya kumwa kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu. Ndawapeza mapiritsi m'thumba la malaya pochapa. Akuti akamwa, dzanja limadekha, kabokosi kanu sikamva kanthu, liwu limatuluka louma. Dzulo pobwera ku hotela alephera kulowetsa kiyi pachitseko. Kapu ya tiyi yawakhuthukira pamiyendo, apsa."

"Alamu, ine ndinanena pamaso pa mboni kuti bowo limenelo si loimbira."

"Bowolo anaboola ndani?"

Taonani chilungamo cha pa dziko! Zikayenda bwino, ndi luso la achimwene. Zikavuta, bowo anaboola ndani.

"Mvetserani," anapitiriza alamu. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati bandi. Lamlungu likubwerali akapanda kumwa mankhwala, sinthesaiza ija ndiitsekera mu wadiropu, kiyi ndiponya m'chimbudzi, ndipo a Jekete ndikawauza ndekha kuti atulutse laputopu yawo."

Alamu anga akanena chinthu amachita. Anawotchapo suti ya achimwene chifukwa cha nkhani ina imene si ya pano.

Ndinatseka shopu, n'kunyamula sikopu paphewa mpaka kunyumba kwawo. Ndinawapeza achimwene atakhala pabalaza, mwendo atakulunga bandeji.

"Wabwera kudzandilalikira?" anafunsa.

"Ndabwera kudzayeza. Imwani piritsi."

"Ndikamwa limagona, Chimphepo. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuimba, koma mmene ndaimbira milungu iwiri iyi sindinaimbepo. Ukufuna ndibwererenso kukhala munthu wongodina makiyi?"

"Ndati imwani piritsi, achimwene. Zinazo ndi za ine."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwalamula. Anatenga piritsi n'kumwa. Alamu anaima pomwepo mpaka anaona kholingo likuyenda.

Tinadikira ola lathunthu, tikukangana za mpira. Kenako ndinagwira dzanja lawo ndi manja anga awiri, n'kuliika pa kagudumu ndekha. Linali lopepuka kuposa mmene ndinkalikumbukirira. M'zala zanga ndinkamva kunjenjemera kuja, kochepa ngati mtima wa kambalame, koti maso sangaone. Pagalasi mafunde analipo ndithu, ang'onoang'ono, koma kasanu pa sekondi monga kale. Mankhwala anangowatsitsa mawu, sanawathamangitse.

"Silinagone," ndinatero. "Likunong'ona. Kabokosi kanga ndi kamene kali ndi makutu olimba."

Choncho ine, munthu amene ndinakonzapo wailesi pakati pa nyanja, ndinakhala masiku anayi ndikupanga chokuzira zinyalala. Ndinaboola kabokosi kanga kokongola kaja, n'kuikapo batani lachiwiri, lokweza mphamvu ya bowo lija kuwirikiza makumi awiri. Tsiku lililonse ndinkapita kukayeza, m'mawa ndi masana, mankhwala atangolowa ndiponso akuyamba kutha, mpaka ndinajambula timizere pa batani posonyeza pamene liyenera kukhala ola lililonse. Ntchito yosamala chonchija sindinaigwirepo, ndipo yonse inali yokongoletsa dzala.

Lamlungu ndinakhala tebulo lakutsogolo. Bandi isanayambe, alamu anakwera pa siteji ndi kapu ya madzi, n'kuwamwetsa achimwene piritsi pamaso pa anthu onse odya. A Jekete anafuna kulankhulapo, alamu anangowayang'ana, iwo n'kuyamba kukonza kolala ya jekete. Pa nyimbo yachitatu achimwene anakoka liwu lalitali, n'kuika dzanja pa kagudumu, ndipo mafoloko anatsika m'mbale tebulo ndi tebulo. Dzanja silinabwererenso m'thumba ngakhale popuma. Anamwera nalo madzi, kapu ili phee.

Bambo wina wa tebulo loyandikana anapita kukasuzumira kabokosi kaja, n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinadzuka, ndikukonza tayi, kuti ndimufotokozere kuyambira pachiyambi. Koma a Jekete anandipitirira.

"Ndi kabini ka mng'ono wawo," anatero.

Kabini kotayamo zinyalala! Ndinawauza achimwene tsiku lomwelo kuti andipatse kabokosiko ndikafufute mawu aja oti ZINYALALA, ndilembepo dzina laulemu ndi zilembo zagolide. Anakana. Akuti likhale choncho, chifukwa ndi malo okhawo pa kabokosi konse pamene ndinalemba osadzitama. Mkulu wako ndi mkulu wako, ungamutani.

Sabata yatha ndinapita kukapukuta fumbi m'timabowo. Bowo la CHOYERA, limene linandidyera milungu itatu ndi khungu la zala zanga, ndinalipeza kachilombo kena katamangamo nyumba ya dothi. Ndinatenga waya kuti ndigumule, achimwene n'kundigwira mkono, ndi dzanja lamanzere.

"Kasiye," anatero. "Bola kameneko kalipezera ntchito."